Kalulu wa mano ovuta, timubaye jakisoni womaliza kapena tipitirize?

Funso limeneli landizunguza mutu kwa nthawi ndithu, nde ndati ndingolemba zomwe ndaphunzira mwina wina amene ali pamavuto ngati angawa zimuthandiza. Kalulu wanga Fumbi ali ndi vuto la mano, ndipo si vuto loti lidzatha ayi, adzafa nalo, funso ndi loti adzafa liti komanso motani. Anthu amene amandimvera chisoni agawika pawiri. Ena akuti mupumitseni ameneyo mukungomuzunza. Ena akuti aaa zoona mungaphe chiweto chifukwa cha dzino? Onsewa amalankhula ngati kuti vuto la mano ndi chinthu chimodzi, pomwe kwa kalulu pali matenda osiyana kwambiri, ena ongofunika opareshoni imodzi basi nkuiwalako, ena oti olo a veti odziwa ntchito yawo amayamba apumira kaye mmwamba asanakuyankheni.

Kalulu ali ndi mano 28. Ambirife timangodziwa awiri akutsogolo aja owonekera akamadya, koma akutsogolowo alipo 6, awiri mmunsi, anayi mmwamba, chifukwa kuseli kwa akuluakulu awiri aja kumabisala tina tiwiri ting'onoting'ono. Otsala 22 ndi otafunira, ali mkatikati komwe inu ndi ine sitingaone olo timukanule bwanji, pakamwa pa kalulu ndi pothina zedi. Nde mano onsewa sasiya kukula moyo wake wonse. Akutsogolo amakula pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, werengani nokha, pa chaka akukwana masentimita 10. Kutchire sizivuta chifukwa kalulu amangokhalira udzu, ndipo udzu uli ndi silica, timchenga tosaoneka ndi maso, amene amapala mano, komanso kuti udzu utafunike nsagwada imayenda cham'mbali, uku ndi uku, mano nkumapalana okhaokha. Mukamupatsa mapeleti ambiri, chakudya chogula cha timibulu touma, amangowaphwanya kamodzi kawiri, wakhuta, mano sanagwire ntchito. Ndipo pali ena amene amabadwa kale nsagwada zosakumana bwino, makamaka timitundu ta nkhope yaifupi ngati Netherland Dwarf ndi aja a makutu olendewera amene amawati ma lop. Fumbi ndi lop.

Ndiyambe ndi pophweka, poti apa mpamene pamandiwawa ndikamva kuti wina wapumitsa kalulu wake. Ngati vuto lili pa mano akutsogolo okha, chonde musafulumire. Inde amaoneka moopsa, a mmunsi amatulukira kutsogolo, a mmwamba amapindikira mkati mpaka kufuna kubaya mkamwa, munthu ukaona umangoti basi apa zatha. Koma ayi ndithu, limeneli ndi vuto lomwe lili ndi yankho. A veti amatha kuwafupikitsa ndi kamakina kopalira mano, nthawi zambiri osamugoneka nkomwe, kungoti amameranso nde pakapita masabata ochepa mwabwereranso. Njira yothetseratu ndi kuwazula onse 6. Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza, kalulu wopanda mano akutsogolo adya bwanji? Koma amadya bwinobwino, amatola chakudya ndi milomo ndi lilime nkukankhira kumbuyo kwa otafunira aja, inu ntchito yanu ndi kungomudulira masamba tizidutswa ndi kumuthandiza kupesa ubweya poti sangathenso kudzizula ubweya wothothoka. Pena dzino limodzi limameranso ngati kachidutswa ka muzu kanatsalira, amazulanso, basi.

Chimodzi chokha apa, musawadule nokha ndi chowengera zikhadabo kapena pulayala. Ndikudziwa mavidiyo alipo ambiri pa intaneti ndipo zimaoneka ngati zachangu, koma dzino la kalulu likapanidwa choncho limang'aluka mulitali mpaka kumuzu, mng'alu umenewo ndi njira ya majeremusi, ndipo mwatenga vuto laling'ono mwalisandutsa chotupa cha mafinya. Komanso zimawawa.

Mano otafunira ndi nkhani ina. Akapanda kupalika mofanana amachita timinga takuthwa m'mbali, a mmunsi timinga take timaloza ku lilime, a mmwamba timaloza ku tsaya, nde tangoganizani kalulu akufuna kutafuna koma kutafuna kulikonse lilime likuchekeka. Zizindikiro zake nzosavuta kuziphonya. Amathamangira chakudya ngati kale, njala ali nayo, akatola nkulavula, kapena amasiya udzu wouma nkumangosankha zofewa. Pachibwano pamanyowa ndi dovu, timanja takutsogolo timada chifukwa chopukutira pakamwa. Timibulu take ta manyi timachepa nkukhala ting'onoting'ono touma. Apa a veti amayenera kumugoneka ndi mankhwala kuti apale bwino, sizitheka ali maso. Ndipo apa mpamene akalulu amasiyana kwambiri, wina akamupala kamodzi inu nkumusinthira kadyedwe kuti udzu wouma ukhale chakudya chachikulu, amatha chaka osabwererako kapena osabwererako nkomwe, pamene wina pakangotha mwezi umodzi kapena iwiri timinga tabwereranso.

Koma olo uyu wa mwezi ndi mweziyu, ine sindinganene kuti yankho ndi jakisoni. Ndiziona ndi maso anga, Fumbi akabwera kopalidwa tsiku loyamba amakhala wofooka, ndimamumwetsa phala lake ndi sirinji, phala logula la akalulu odwala lotchedwa Critical Care, kenako mawa lake kapena mkuja wayamba kukoka udzu yekha, ndipo masabata otsatirawo ndi kalulu weniweni, kuthamanga, kudumpha nkudzipotokola m'malere, kukankha mbale yake kuti imveke phokoso ndimve kuti akufuna masamba. Tsiku limodzi kapena awiri oipa kusinthanitsa ndi masabata abwino, kunena zoona ine malonda amenewo ndimawavomera, ndipo ndikukhulupirira iyenso akanatha kulankhula akanavomera.

Vuto lenileni lili kumizu. Dzino la kalulu likasowa kopita kumtunda chifukwa lagundana ndi linzake, limayamba kukankhira kumbuyo, muzu nkumalowa m'fupa. A mmunsi mukasisita pansi pa nsagwada mumamva timabampu. A mmwamba mizu yake ili pafupi ndi kanjira kamene kamatenga misozi kuchoka m'diso kupita m'mphuno, nde kakapanidwa diso limangolira osasiya, ubweya wa pansi pa diso nkunyowa mpaka kuthothoka, anthu ambiri amagula mankhwala a m'maso osadziwa kuti nkhani ili pa dzino. Zikafika poipa chotupa chimamera kuseli kwa diso nkulikankhira kunja. Zonsezi simungazione pongoyang'ana mkamwa, olo a veti sangazione, pamafunika X-ray ya mutu, kapena CT, makina ojambula mkati mwa thupi mozama kuposa X-ray, kumene iliko. Ndinganene motsindika kuti musapange chiganizo cha imfa popanda chithunzi chimenechi ngati mungathe kuchipeza. Kuli akalulu amene mkamwa mumaoneka moopsa koma mizu ili bwino, kulinso ena mkamwa mooneka bwinobwino pamene fupa lansagwada ladyeka kale.

Nde zotupa za akalulu abale. Galu kapena mphaka akachita chotupa amachiboola mafinya nkutuluka, kutsuka, maantibayotiki, wachira. Mafinya a kalulu ndi olimba ngati mankhwala otsukira mano, satuluka okha olo mutaboola, ndipo chotupacho chimakhala ndi chikopa chokhuthala chomwe mankhwala amavutika kulowa. Kuti chithe amayenera kuchita opareshoni kuchotsa chonse pamodzi ndi dzino lomwe layambitsa, pena amasiya bala lotsegula dala kuti muzitsuka tsiku ndi tsiku kwa masabata, kuphatikiza majakisoni. Ena amachira ndithu. Ena chimabwereranso, makamaka ngati chalowa m'fupa kapena mano okhudzidwa ndi angapo. Ndipo pa maantibayotiki samalani kwambiri, amoxicillin ndi penicillin wakumwa amapha kalulu chifukwa amaononga tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, penicillin amene a veti amagwiritsa ntchito ndi wobaya. Musatenge otsala a galu kapena a mwana nkumumwetsa.

Anthu ambiri chimene chimawapangitsa kuganiza zopumitsa ndi mantha a mankhwala ogonetsa, amati akalulu sadzuka. Mantha amenewa ali ndi maziko koma amakokomezedwa. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku UK, wotsogoleredwa ndi David Brodbelt nkusindikizidwa mu 2008, anapeza kuti kalulu mmodzi pa 72 aliwonse ankafa chifukwa chogonekedwa kapena m'maola 48 otsatira, pamene agalu anali mmodzi pa 600 kapena kuposerapo pang'ono. Kusiyanako nkwakukulu inde. Koma mukayang'ana akalulu athanzi okha chiwerengero chinali mmodzi pa 137, pamene odwala kale chinapitirira 7 pa 100 aliwonse. Ine zimene ndinatolapo apa ndi zoti kudikira ndi kumene kumapha. Mukamazengereza chifukwa choopa, kalulu akuonda, matumbo akuima, nde tsiku lomwe mwalimba mtima mukupititsa kalulu amene wachoka kale m'gulu la 137 lija walowa m'gulu linalo. Komanso tanganizani bwino, kumubaya jakisoni wakupha chifukwa choopa kuti mwina sadzuka pa opareshoni, nzeru yake ili pati? Akafera pa tebulo ali mtulo samva kanthu chimodzimodzi, kungoti apo anali ndi mwayi.

Kanthu kena kakang'ono komwe kamakuuzani ngati a veti anu amawadziwa akalulu, akakuuzani kuti musamupatse chakudya usiku wonse opareshoni isanachitike, funsani kawiri. Kalulu sasanza, nde chifukwa chimene amaletsera agalu kudya sichimukhudza, ndipo matumbo ake amafunika aziyenda nthawi zonse. Kalulu amene watha maola 12 osadya osatulutsa timibulu ndi wothamanga naye kuchipatala, si wodikira mawa. Kunena zoona akalulu ambiri a mano samwalira ndi dzino lenilenilo, amamwalira ndi matumbo amene aima ndi chiwindi chimene chaonongeka chifukwa cha njala. Ndipo ngati mwangoonana ndi veti mmodzi amene tsiku lonse amaona agalu ndi amphaka, nkukuuzani kuti palibe chochita, sikulakwa kukafunsa wina amene amaona akalulu kawirikawiri. Si mwano umenewo, a veti abwino amakutumizani okha.

Tsopano funso lenileni, udziwa bwanji kuti zakwana? Chovuta ndi chakuti kalulu ndi nyama yodyedwa ndi zinzake, nde chibadwa chake ndi kubisa ululu, wooneka wodwala ndi amene chiwombankhanga chimayamba kutola. Salira, sabuula. Galu amakuuza, kalulu amangokhala phee pakona ndipo iwe nkumati akupuma. Ofufuza a ku Newcastle University mu 2012 anatulutsa ndondomeko yowerengera ululu pankhope ya kalulu, amaitcha Rabbit Grimace Scale, ndipo zithunzi zake zandithandiza kuposa china chilichonse. Maso amatsinzina pang'ono, masaya amaphwa nkhope nkuoneka yosongoka, mphuno m'malo mooneka ngati U imaoneka ngati V, ndevu zimauma nkusintha kolozera, makutu amagonera kumbuyo. Kwa lop ngati Fumbi makutu sathandiza poti ndi ogwa kale, nde ine ndimadalira maso ndi masaya. Palinso kukukuta mano. Kuja kofewa kumene amachita mukamamusisita pamutu ndi chisangalalo, koma kukukuta kwamphamvu komveka muli chapatali, atakhala chonyonyomala osasuntha, kumeneko ndi kuwawa.

Koma nkhope imakuuzani za lero lokha. Chimene ine ndaona kuti chimayankha funso lalikulu ndi mpata wapakati, kuchoka tsiku lopalidwa kufika tsiku lomwe wayambanso kulavula chakudya, ndi zomwe amachita mkati mwa mpata umenewo. Ndili ndi kalendala pomwe madzulo aliwonse ndimachonga ngati tsiku linali labwino kapena loipa, ndipo sabata iliyonse ndimamuika pa sikelo nkulemba. Zikumveka ngati ntchito ya ku ofesi koma mutu wa munthu ndi wabodza, ukakonda chinthu umakumbukira kamodzi kaja anadumpha nkuiwala masiku onse amene anangokhala kuseli kwa mpando. Pepala silinyengerera. Mukaona kuti kale akapalidwa ankachira msanga nkukhala bwino nthawi yaitali, pano akuchedwa kuchira ndipo asanachire bwinobwino timinga tabweranso, kulemera kukungotsika olo mukumudyetsa, apo mpata watsekeka, moyo wake wasanduka kuchira opareshoni ina podikira ina.

Kudyetsa ndi sirinji nakonso kuli pawiri. Pali kalulu amene akaona sirinji amabwera yekha nkumanyambita, njala ilipo, chimene chikumuletsa ndi kamwa basi. Ameneyo mutha kukhala naye nthawi yaitali, ena amadya okha phala la mapeleti onyowetsedwa m'mbale, moyo nkumapitirira. Nde pali wina amene muyenera kumukulunga m'thaulo, akulimbana nanu, phala likutsikira pachibwano osameza, ndipo akakuonani mukubwera amathawa kukabisala. Kwa masiku ochepa pambuyo pa opareshoni zimenezo ndi zopirira. Koma zikakhala za tsiku lililonse popanda chiyembekezo choti adzadyanso yekha, ine pamenepo ndimaona kuti tikumusunga chifukwa cha ife eni. Kalulu nthawi yake yambiri ali maso amaithera kudya, mukamuchotsera kudya nkumuonjezera mantha pa munthu yekhayo amene ankamukhulupirira, chatsala nchiyani?

Mankhwala opha ululu musawanyoze. Meloxicam amathandiza kwambiri, akalulu ambiri amamukonda poti ndi wotsekemera, ndipo a veti amatha kuonjezera ena amphamvu ngati sakukwanira, kungoti akamamwa nthawi yaitali impso ziyenera kumayezedwa. Musanafike pa chiganizo chomaliza funsani ngati mungayese kaye kuletsa ululu mokwanira kwa kanthawi. Kalulu akasintha, wayamba kudya, kudzinyambita, kucheza ndi mnzake, mwadziwa kuti ululu ndi umene unamugwetsa ndipo ukutheka kuugwira. Akapanda kusintha olo mankhwala akwezedwa, yankho mwalipezanso, kungoti ndi lowawa.

Pali chinthu china chimene chinandidabwitsa nditachimva. Frances Harcourt-Brown, veti wa ku England amene wathera zaka zambiri pa akalulu, anafotokoza matendawa ngati oyenda m'masitepe, ndipo kumapeto kwenikweni mano oonongeka aja amasiya kukula, ena amathyoka nkugwa okha. Zikumveka zoopsa koma kwa akalulu ena apa mpamene pamabwera mpumulo, timinga tasiya kumera, maulendo opalidwa achepa, kalulu akudya zofewa ndi nkhama zake, bola pasakhale chotupa. Sikuti aliyense amafika pamenepo bwino ayi, koma ndikunena kuti matendawa sayenda mzere umodzi wongotsikira pansi, nde mawu oti "zingoipiraipira" si oona kwa kalulu aliyense. Funsani kuti wanuyo ali sitepe iti.

Msinkhu nawonso umalowapo. Kalulu wosungidwa bwino amakhala zaka 8 mpaka 12. Wa zaka ziwiri wokhala ndi chotupa chimodzi, thupi lamphamvu, ine ndingamenye nkhondo. Wa zaka 10 amene ali kale ndi nyamakazi, impso zofooka, nde mumuchite opareshoni yaikulu ya nsagwada ndi masabata otsuka bala, mukumugulira nthawi yochuluka bwanji ndipo nthawi yake yotani?

Nkhani ya ndalama anthu amaopa kuitchula, amachita manyazi ngati kuti kutchula ndalama ndi kusakonda chiweto. Ine nditchula. Kugoneka kalulu mwezi ndi mwezi, ma X-ray, mankhwala, mayendedwe, kujomba kuntchito kuti umudyetse maola angapo aliwonse, zonsezi zimadya thumba ndi mphamvu, ndipo si aliyense angakwanitse. Munthu amene wafika pamapeto a zomwe angathe sindingamuloze chala. Chimene ndingamupemphe ndi kuwauza a veti mosabisa kuti ine ndingathe mpaka apa, chifukwa pena pali njira yapakati, mwina kuzula dzino lovutalo kamodzi m'malo momangopala, mwina kungoletsa ululu nkumusamalira mpaka pomwe zitheke. Kumene kuli mabungwe osunga ziweto mutha kufunsanso, ngakhale kalulu wa mano si wophweka kumupezera mwini watsopano, tisanamizane. Chimene sindingavomereze ndi njira yachitatu ija imene anthu ambiri amatenga osaitchula, yosapita naye kuchipatala komanso osamupumitsa, kungomusiya m'khola kuti zione zokha. Imfa ya kalulu wa mano akasiyidwa ndi njala, chakudya chili pamphuno pake koma sangadye, mimba yatupa ndi mpweya, ndipo imatenga masiku. Poyerekeza ndi imeneyo jakisoni ndi chifundo chachikulu. Kumutaya kutchire kuti akadzionere nakonso ndi imfa yomweyo, kalulu woweta sadziwa za kutchire.

Nde kwa amene sanaonepo, ndifotokoze mmene zimachitikira chifukwa ine chimene chinkandiopsa kwambiri ndi kusadziwa, mpaka ndinafunsa a veti kuti andiuze zonse. Nthawi zambiri amayamba ndi jakisoni womugonetsa kuti asaope, pemphani zimenezi ngati sanazitchule. Akagona amameta pang'ono m'mphepete mwa khutu pomwe pamadutsa mtsempha, ena amapakapo kirimu wochititsa dzanzi, nkulowetsa mankhwala otchedwa pentobarbital, amene kwenikweni ndi ogonetsa koma ochuluka mopitirira muyezo. Ubongo umagona kaye, kenako kupuma ndi mtima zimaima, mphindi zochepa zatha. Maso satseka, musadabwe. Pena thupi limagwedezeka pang'ono kapena kutulutsa mkodzo, iye sakumva kanthu pamenepo. Mutha kukhalapo mukumusisita, muthanso kutuluka ngati simungapirire, ndipo ena amabwera kudzachitira kunyumba kuti kalulu asavutike ndi ulendo. Zoyesa nokha kunyumba ndi mankhwala a anthu kapena njira zina zilizonse, ayi chonde.

Ngati ali ndi mnzake amene amagona naye limodzi, muganizireni nayenso. Akalulu amakondana zenizeni, ndipo mnzake akangosowa mwadzidzidzi wotsalayo amamufunafuna, ena amasiya kudya. Ambiri odziwa amalangiza kuti mumuonetse mtembo, mumusiye nawo kwa kanthawi aununkhize, ena amaunyambita, ena amangoyang'ana nkuchokapo, kenako masiku otsatirawo muziyang'anitsitsa ngati akudya ndi kutulutsa timibulu. Fumbi ali ndi mnzake dzina lake Njuchi, amene pano ndi amene amamunyambita diso lake lomwe limalira m'mawa uliwonse, moti pena ndimaona kuti akugwira ntchito kuposa ine.

Panopa Fumbi sindikumupumitsa. X-ray yake ikuonetsa mizu yatalika mbali imodzi koma chotupa palibe, akapalidwa amadzukabe msanga, akudyabe yekha, ndipo kalendala ija masiku abwino akuchuluka kutalitali. Koma ndinakhala pansi ndi a veti tsiku lina lomwe Fumbi anali bwinobwino, dala, chifukwa tsiku la mavuto mutu sugwira, nkugwirizana malire. Tinati chotupa chikadzabwera nkupezeka kuti chalowa m'fupa kapena kuseli kwa diso moti sangachichotse chonse, sitidzamudula mobwerezabwereza. Akadzapalidwa koma osabwereranso kudya yekha, kulemera kukutsikabe pamene mankhwala a ululu akwezedwa mpaka pomalizira, sitidzadikira kuti matumbo aime usiku pakati. A veti anaonjezera okha kuti pa ntchito yawo amene amabwera mochedwa ndi ambiri kuposa obwera mofulumira, ndipo anandipempha kuti ndikadzayamba kukayika ndidzawaimbire msanga tikambirane, ndisadzadikire tsiku loti palibenso chokambirana. Malire amenewa ndinawalemba kuseli kwa kalendala yomweyo ndipo ndinauzako m'bale wanga mmodzi amene sachita nane manyazi, kuti ndikadzayamba kupeza zifukwa zowasunthira adzandikumbutse kuti ndinalemba ndekha.